Kapepala ka Kunsi kwa Laputopu

Alamu, amuna a achemwali anga, ndinawauza Lachitatu madzulo tili pa tebulo, ndipo ndinanena kawiri. Ndinati akamasamutsa zinthu kuchokera mu laputopu yakale, atenge mafayilo a ntchito okha, awaike pa fulashi, awatsanulire mu yatsopanoyo, basi. Imelo asaikhudze. Asaitsegule, asaiyang'ane n'komwe.

Alamu anali kusenda nthochi. Anaseka, n'kunena kuti Aseketale, monga amanditchulira, ayamba kuwaphunzitsa ntchito, iwo amene anasamutsa kompyuta ya bwana wamkulu popanda kutaya ngakhale kadontho. Kuntchito kwawo amasunga katundu wa kampani, koma kompyuta ya aliyense ikavuta amaitana iwo, ndipo zimenezi amazinyadira kuposa ntchito imene anawalembera. Achemwali anangondikankhira mbale. Anati alamu ako amva, iwe idya, waonda ngati chingwe choyanikira zovala.

Achemwaliwa ndi mwana wa amayi aakulu. Mwamuna wanga anawaonapo kamodzi kokha, pa ukwati wathu, ndipo chichitikireni ukwatiwo asamuka kawiri. N'chifukwa chake ndinathawira kwa iwo osati kwathu. Tsopano patha miyezi isanu ndi iwiri. Ndinachoka ndi mwana kumsana, chikwama chimodzi ndi laputopu, tsiku limene mwamunayo anandiuza modekha, akumanga zingwe za nsapato, kuti ine ndikhoza kupita kulikonse kumene ndikufuna koma mwana ndi wake, ndipo tsiku lina ndidzabwera kuchokera kumsika n'kupeza m'nyumba muli zii. Nthawi imeneyo dzanja langa lamanzere linali lidakali mu bandeji.

Mwanayo ali ndi zaka zinayi. Alamu anamupatsa dzina loti Katsabola chifukwa ndi wamng'ono koma akakwiya nyumba yonse imamva.

Laputopu ndiyo imatidyetsa. Ndimatayipira aphunzitsi mayeso, ndimalembera anthu makalata ofunsira ntchito, nthawi zina mindandanda ya mankhwala ya sitolo ina ya pa msewu wathu. Yakaleyo inali itatopa. Inkatentha ngati simbi, inkalira fiii mpaka mwana kudzuka, ndipo sikirini yake inkaima pokhapokha nditaitsamiritsa pa chitini cha shuga. Koma ndinkaikhulupirira pa chinthu chimodzi: chichokereni kwa mwamuna wanga sindinailumikizepo pa intaneti. Anthu ankabwera ndi fulashi kapena mapepala, ine n'kuwabwezera pa fulashi. Imelo imene inali mmenemo anaitsegula iyeyo chaka chimene tinakwatirana. Anati banja limodzi, imelo imodzi. Inalinso mu foni yake, ndipo ankaiyang'ana ngakhale akudya.

Kuntchito kwa alamu atagula makompyuta atsopano, akalewo anagawira antchito. Imene anabweretsa kunyumba, kwa ife inali yatsopano ndithu, yopepuka, yopanda phokoso, zilembo zake zonse zooneka.

Loweruka m'mawa ndinatenga Katsabola kukapereka mayeso kwa mphunzitsi wina wa kutali ndi kwathu. Sindimusiya mwana, ngakhale kwa achemwali. Mphunzitsiyo anatidikiritsa, atabwera anapeza kuti funso lachisanu ndi chiwiri analilemba molakwika yekha, ndiye anayamba kulikonza ndi cholembera pa mapepala makumi anayi uku akundiuza za matenda a apongozi ake. Tinabwerera cha m'ma 4 koloko. Potsika minibasi ndinachita zomwe ndimachita masiku onse. Ndinayang'ana magalimoto oima mu msewu wathu. Inalipo lole ya sitolo ya penti ya kutsidya kwa msewu ndi kagalimoto koyera ka aneba kamene sikayenda. Panalibe yachilendo. Ndinatsegula geti ndi mtima uli m'malo.

Alamu anatichingamira pakhomo atavala kabudula, nkhope ili ngwee.

"Tsinzinani, Aseketale."

Ndinawauza kuti ine sinditsinzina ndili chiimire. Anati chabwino, anthu osadziwa kusangalala ali ndi ufulu wawo, n'kundikokera pa tebulo.

Laputopu yatsopano inali yotsegula. Pa sikirini ponse panali Katsabola atavala yunifolomu, chikwama kumsana, ataima pa geti la sukulu ya mkaka tsiku lake loyamba. Kumbuyo kwake kunali chikwangwani cha sukuluyo, dzina, msewu ndi nambala ya foni, zonse zowerengeka. Chithunzicho anajambula ndi achemwali. Ndinawalola pa pangano loti chikhale mu foni yawo basi.

Mwana anakuwa ndi chimwemwe podziona. Ine ndinafunsa kuti chalowa bwanji mmenemo. Alamu anati ndidekhe, tiyambe ndi za ntchito. Anandionetsa foda ya mayeso, foda ya makalata, ya mankhwala, zonse zili m'malo mwake, ngakhale kalata ina imene ndinkaiyesa inatayika. Anagwira bwino ntchitoyo, sindingawanamizire. Ndinayamba kuthokoza.

"Dikirani, pali ka pamwamba," anatero, n'kudina penapake.

Imelo inatseguka. Ndinaona dzina la mwamuna wanga ndi langa atalumikizana, monga anawalembera iye, ndipo pansi pake makalata ambirimbiri, a kuntchito kwake, a mng'ono wake, a anthu ogulitsa matayala. Ndinagwira mpando.

"Mwaitsegula bwanji?"

Alamu anatembenuza laputopu yakale chagada. Kunsi kwake, pafupi ndi batire, kunali kapepala komatidwa ndi selotepi yachikasu. Zilembo zake zing'onozing'ono zoima chilili ndinazizindikira ndisanaziwerenge. Anali ndi chizolowezi chimenecho mwamuna wanga, kumata mapasiwedi kunsi kwa zinthu. Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikuika laputopuyo pa miyendo panga, kapepalako kali pomwepo, ine osakakumbukira.

Anafotokoza mwachangu, akuona nkhope yanga. Anati kompyuta yatsopanoyo inakana kupita patsogolo popanda imelo. Ankafuna kuikamo yawo koma pasiwedi yawo inawatuluka m'mutu, anayesa katatu. Ponyamula yakaleyo kuti aone ngati yatentha, ndi pamene anaona kapepalako. Anati mawu anga a Lachitatu anawakumbukira bwino lomwe, ndipo anaika dzanja pa chifuwa.

"Sindinawerenge ngakhale kalata imodzi, Aseketale. Zanu zachinsinsi zili momwemo."

Ndipamene ndinazindikira kuti iwo anamva ngati ndinkachita manyazi ndi makalata achikondi. Ine sindinawauze chifukwa chake. M'nyumba muno za mwamuna wanga sitizikamba pa tebulo, chifukwa mwana ali ndi makutu aatali.

Ndinafunsa za chithunzi. Anati anatenga zithunzi zonse za mu foni ya achemwali kuti inenso ndikhale nazo, mayi wanji wopanda chithunzi cha mwana wake. Ndiye kompyutayo inawafunsa ngati izisungenso pa intaneti, iwo anavomera, chifukwa kumeneko ndi ngati nkhokwe, ngakhale nyumba itapsa kapena akuba atanyamula laputopu, zithunzi zimakhalapobe. Munthu akhoza kuziona ali kulikonse, ngakhale pa foni.

"Munthu wake uti?"

"Amene ali ndi pasiwedi yekha."

Ananena akumwetulira. Kenako kumwetulirako kunatsala pa nkhope popanda mwini wake. Achemwali anali ataima pakhomo la khitchini, manja ali ndi thovu la sopo. Anauza Katsabola kuti apite kuseri akaone ngati zovala zauma. Mwana anakana, anamupatsa bisiketi, anapita.

Ndinafunsa nthawi imene anachita zimenezi. Anati cha m'ma 10. Ndinayang'ana wotchi ya pa khoma. Maola asanu ndi limodzi.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuziona chimodzichimodzi. Zinalipo makumi asanu ndi atatu ndi zitatu. Achemwali amakonda kujambula. Katsabola akudya mango pa khonde, kumbuyo kwake geti lathu labuluu ndi nambala ya nyumba yolembedwa ndi penti yoyera. Katsabola atakwera pa galimoto ya kuntchito kwa alamu, dzina la kampani lili pa chitseko. Ine ndikutayipa, osadziwa kuti akundijambula, pa windo pakuoneka chikwangwani cha sitolo ya penti. Tsiku la mpikisano wothamanga ku sukulu, aphunzitsi ake atamunyamula. China chinali cha achemwali okha akuyesa wigi. Munthu wofuna kutipeza sakanasowa ngakhale wofunsa njira.

Alamu anati mwina sanaone. Anati ndi Loweruka, mwina ali ku mpira, mwina foni yathima, anthu satsegula zithunzi tsiku lililonse. Ndinabwerera ku imelo. Pamwamba penipeni panali uthenga wochokera kwa eni ake a imeloyo, wodziwitsa kuti kompyuta yachilendo yalowa nthawi ya 10:12, ndipo unatchula tauni imene kompyutayo ili. Makalata osawerengedwa amakhala ndi zilembo zakuda bii. Umenewu unali wotuwa.

"Munautsegula ndinu, alamu?"

Anatsegula pakamwa. Ndinaona kuti akufuna kunena kuti inde, kuti andipumitse. Koma si munthu wabodza. Anapukusa mutu.

Anandilanda laputopu n'kuyamba kufufuta zithunzi. Zala zawo zinkaphonya. Thukuta linkagwera pa tebulo, iwo akulankhula okha kuti zitheka, zonse zitheka, palibe chimene chimakanika. Zithunzi zinatha, nkhokwe ija inatsala yoyera. Kenako anati chatsala n'kusintha pasiwedi kuti uja asalowenso. Ndinati dikirani kaye. Anali atadina kale.

Pa sikirini panabwera mawu oti atumiza nambala yotsimikizira ku foni yothera ndi 46. Nambala ya mwamuna wangayo ndinailoweza ndili mtsikana.

"Ndiye mwamugogodera," anatero achemwali motsitsa mawu. "Mwamuuza kuti tadziwa."

Kunja lole ya penti inaliza injini n'kunyamuka. Ndinadzipeza ndikumvetsera ngati pali galimoto ina imene yaima pamalo pake, ngakhale ndinkadziwa kuti kuchokera kumene amakhala mwamuna wanga kufika kuno ndi maola khumi ndi anayi.

Katsabola anabwerera ndi sokosi imodzi m'manja, n'kunena kuti zovala zauma koma nyerere zakwera pa thawulo. Anakwera pa miyendo panga, akufuna kudzionanso. Alamu anamuuza kuti zithunzi zapita kokagona. Mwana analoza pa sikirini.

Mu nkhokwe yoyera ija munali chithunzi chimodzi. Palibe mwa ife amene anachiikamo.

Unali mpando wakutsogolo wa galimoto, wotuwa, wokhala ndi kabowo kopsa ndi ndudu cha kumanja. Pa mpandopo panali kajuzi kachikasu kopindidwa bwino, manja ake ali m'kati, monga amapindira m'sitolo. Ndinakasiya pa chingwe tsiku limene tinathawa chifukwa kanali kosauma. Kupyola galasi lakutsogolo kunkaoneka mapampu a petulo. Ndinawadziwa. Ndi malo omaliza omwetsera mafuta potuluka m'tauni ija, pa msewu wobwera kuno. Pansi pa chithunzicho panalembedwa nthawi. Panali patangotha mphindi zisanu ndi zinayi.

"Juzi yanga! Amayi, galimoto ya adadi!"

Achemwali anathamangira ku khoma n'kuzula chaja. Laputopu inangokhala chiyakire, batire yake ndi yabwino. Anaima ndi chingwe m'manja akuiyang'ana. Alamu ndi amene anaitseka pang'onopang'ono, n'kuikapo dzanja pamwamba ngati ikhoza kutsegukanso yokha.

Zimene zinakambidwa pambuyo pake ndinkazimva ngati zikuchokera kuchipinda china. Mwana tinamuyatsira TV mokweza. Alamu anati geti tilimanga ndi tcheni, iwo agona pa balaza ndi chitsulo chosinthira matayala, adziwitsa aneba onse, mawa m'mawa apita kupolisi. Anati munthu ameneyo akadzangoponda pa khonde adzadziwa kuti nyumba ino ili ndi mwamuna. Achemwali anawafunsa kuti mwamuna wake ndi uti, yemwe walephera kukumbukira pasiwedi yake yomwe? Kenako analira, n'kunena kuti olakwa ndi iwo ndi kujambula kwawo, foni ngati yoyamba kugwira. Ine sindinadzudzule aliyense. Ndinkangoganiza za kapepala kaja. Kukamatula kukanatenga chikhadabo chimodzi.

Alamu ankakonzekera munthu wobwera akukuwa, akumenya geti. Mwamuna wanga sabwera choncho. Adzafika atavala shati yositasita, atagula buledi ndi zakumwa pa njira. Adzapereka moni ndi manja awiri, adzatchula alamu kuti achimwene, adzakhala kunsonga kwa mpando. Misozi ali nayo pafupi. Adzanena kuti analakwa, kuti sagona, kuti akungofuna kumuona mwana kwa mphindi zisanu, ngakhale pa geti pomwepo. Satifiketi ya kubadwa kwa mwana ili kwa iye, ya ukwati ilinso kwa iye, amazisunga mu envelopu ya pulasitiki m'galimoto. Nditakadandaula kupolisi ulendo woyamba, anabwera ndi envelopu yomweyo n'kulankhula motsitsa mawu, ndipo amene anauzidwa kuti abwerere kunyumba akakambirane ndinali ine, dzanja lili lotupa.

Akadzakanizidwa Lamlungu, sadzakwiya. Adzathokoza, adzapita. Lolemba kapena Lachinayi kapena mwezi wamawa adzakhala pa geti la sukulu nthawi yoweruka, ndipo mwana adzamuthamangira yekha. Ndinali nditamva mmene anakuwira poona galimoto.

Ndinawauza zimenezi mwachidule. Alamu anati ndiye mwana asapite ku sukulu. Ndinafunsa kuti mpaka liti. Anati mwina chithunzicho n'choopseza chabe, mwina wajambula n'kubwerera kwawo kukagona. N'kutheka. Ndinaganizapo ndithu. Koma kajuzi kaja anakasunga miyezi isanu ndi iwiri, anakachapa, anakapinda.

Alamu anatuluka n'kukakhala pa sitepe ya kuseri. Nditapita kukatenga thawulo la mwana ndinawapeza atagwira mutu, kabudula wawo atadetsedwa ndi fumbi. Sanadzutse nkhope.

"Mlamu, ine ndimafuna muzimuona mwana mukamagwira ntchito. Basi."

Ndinawauza kuti ndikudziwa. Ndinakutumula nyerere pa thawulo n'kulowa.

Pomusambitsa, Katsabola anafunsa ngati adadi akubweretsa juzi. Ndinati juziyo inamuchepera kale. Anati palibe kanthu, aveka chidole. Anafunsa ngati adadi akudziwa kuti tsopano amatha kulemba 5. Ndinamuthira madzi kumutu kuti atseke pakamwa, ndipo anakwiya, n'kundimenya ndi siponji. Ndinamupukuta nthawi yaitali kuposa masiku onse, kuseri kwa makutu, pakati pa zala. Pa windo la bafa kunali kukuda. Ndinawerengera m'mutu. Ngati wanyamuka itangokwana 5, ndipo sakonda kuima pa njira, akhala pa msewu wathu cha m'ma 7 m'mawa. Mabasi oyamba amanyamuka pa depoti 4 koloko, ndipo amalowera mbali zitatu.

Mwana atadya n'kugona ndinakapeza achemwali ku khitchini. Anali akutsuka poto yemwe anali woyera kale. Ndinawauza kuti ine ndi Katsabola tinyamuka kusanache. Anati ndisapupulume, tidikire tione mawa. Ndinati mawa lake akufika nalo ndi iyeyo. Anatchula sukulu ya mwana, makasitomala anga, mankhwala ake a chifuwa, mvula imene ikuoneka kuti igwa. Ndinkangoyankha kuti ndamva. Atatopa anapukuta manja n'kunena kuti chabwino, alamu atiperekeza pa galimoto mpaka komwe tikupita. Ndinawakumbutsa kuti galimotoyo inali pa chithunzi.

"Nanga ukupita kuti? Kwa azakhali?"

"Musandifunse, achemwali."

"Ine? Ine wandibisira?"

"Inu mukadziwa, alamu adziwa. Alamu ndi munthu wabwino. Munthu akawafunsa mwaulemu, akulira, amayankha."

Ndinkayembekeza kuti akwiya, awaikire kumbuyo amuna awo. Anatsegula kabati, natulutsa botolo la mankhwala a chifuwa, naliyang'anitsa pa getsi kuti aone otsala, nalikulunga mu pepala la pulasitiki.

"Ndikudzutse nthawi yanji?"

"Sindigona. Koma 3 ikakwana mubwere mudzandibereketse mwana. Walemera masiku ano."